NYUMBA YA YURO IMODZI KU ITALY: KODI SI NYAMBO IYI?

Amalonda a pa Mchinji Boma ndi odumpha malire a Mwami, mwaimva? Ati ku Italy, dziko la Papa lomwe timalimvera kwa ansembe a ku Kachebere, nyumba yokapumulirako pa holide ikupita pa yuro imodzi basi. Ine ndaifufuza, ndipo si bodza ayi.

Maganizowa anatchuka mu 2008 ku Salemi, pachilumba cha Sicily. Tauniyi njakalekale: Garibaldi, msilikali amene anagwirizanitsa Italy, anafikako mu 1860, ndipo pa 19 Malichi Akatolika akumeneko amakongoletsa maguwa ndi buledi polemekeza Yosefe Woyera. Koma chivomerezi cha 1968 chinagumula nyumba zambiri, achinyamata nkuthawira m'mizinda kukasaka ntchito. Zotsala ndi mabwinja.

Apa ndiye pagona nkhani. Ku Sambuca mu 2019, yuro imodziyo inali poyambira okushoni chabe. Wogula amayenera kupereka chikole cha mayuro 5,000 ndi kukonza nyumbayo pasanathe zaka zitatu. Walephera, chikole chapita! Komanso nyumba si viza: Mmalawi wopita ngati mlendo saloledwa kupyola masiku 90 mwa masiku 180 aliwonse.

Tsono wina akakufikirani pa benchi kuti perekani kangachepe akugulireni nyumba ku Italy, gwirani mpamba wanu zolimba. Ine ndikuti yambani mwakhoma malata kwanu ku Mkanda kapena ku Kapiri, mudzi ungasanduke bwinja ngati wa anzathuwo.