Matchera akumiza dugong ku Bazaruto

Mu Disembala 2022 bungwe la IUCN lidaika dugong wa kugombe la kummawa kwa Africa m'gulu la nyama zimene zatsala pang'ono kutheratu. Zikuluzikulu zotsala sizikwana 250, ndipo zambiri mwa izo zili malo amodzi: m'madzi ozungulira zilumba za Bazaruto, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique. Derali lidasanduka paki yotetezedwa mu 1971. Kuyambira 2017 boma la dzikolo likuliyendetsa limodzi ndi African Parks, bungwe lomwe lija la ku Majete, Liwonde ndi Nkhotakota.

Dugong si nsomba, ndipo vuto lagona pomwepo. Ili ndi mapapu, imayamwitsa mwana, ndipo pakapita mphindi zochepa iyenera kuvuuka kuti ipume. Msodzi akatchera matchera a maso akuluakulu pofuna shaki, dugong ikudya udzu pansi siona ulusiwo. Ikakodwa imaphiriphitha, ukondewo nkumaikulunga, mpweya nkuithera madzi ali mamita ochepa chabe pamwamba pake. Mwini ukonde akamabwera mmawa amapeza mtembo wa nyama imene sadaifune nkomwe.

Tsono kubereka kwake nkwapatalipatali. Yaikazi imakhala ndi bere koposa chaka, imaswa mwana mmodzi, nkumuyamwitsa chaka china ndi miyezi. Wotsatira amabwera patapita zaka 3, nthawi zina mpaka 7. Ngakhale chakudya chitachuluka bwanji, chiwerengero chake sichikwera kuposa 5 pa 100 aliwonse pa chaka. Zazikazi zochepa chabe zikafera m'maukonde, zobadwa chaka chimenecho sizikwanira kulowa m'malo mwake.

Komabe nthano ija siikutha, yoti malo otetezedwa m'nyanja amakonzera alendo a m'mahotela kuti azijambula zithunzi. Yatikwana! Udzu umene dugong imadya ndi womwewo umene tiana ta nsomba ndi nkhanu timabisalamo mpaka titakula. Khoka likakokolola udzuwo, woyamba kugona ndi njala ndi msodzi wa pachilumba, osati mlendo wobwera pa ndege. Nsomba yosiyidwa kuti ikule imaikira mazira ochuluka kuposa yaing'ono, ndipo mafunde sadziwa malire a paki. Amatenga tianato kukatisiya kumene anthu amaloledwa kuwedza. Asodzi a pachilumba cha Mbenji, ku Salima, sangadabwe nazo, poti mfumu yawo imatseka chilumbacho nyengo ya mvula chaka ndi chaka.

Izi sizikutanthauza kuti odandaula onse ndi abodza. Pazilumbazi pakukhala anthu masauzande angapo odalira nyanja, ndipo kulanda munthu ukonde osamuonetsa pena popezera ndiwo nkumutuma kukatchera usiku. Matchera ndi oletsedwa m'pakimo ndipo alonda amayendera nyanja pa maboti. Chovuta nchakuti dugong imakadyanso kunja kwa malire, chakumpoto kufupi ndi pamene mtsinje wa Save umathirira m'nyanja, kumene lamulo la paki silifika.