Gemu ikalowerera, mwana amaiwala kuti iye ndani

Mu Ogasiti 2005, mnyamata wina wa zaka 28 adalowa m'nyumba yosewereramo magemu a pa kompyuta mumzinda wa Daegu, ku South Korea. Adasewera maola pafupifupi 50, osagona, chakudya chongolawa. Mapeto ake adagwa pansi, ndipo adamwalira kuchipatala mtima utalephera kugwira ntchito.

Nkhaniyi idachitikira kutali, koma masiku ano gemu safunanso kompyuta yayikulu. Foni yam'manja ndi bandulo ya intaneti n'zokwanira kuti mwana wa patauni yathu achezere usiku wonse akumenyana ndi anzake omwe sadawaonepo.

Ndi matenda ndithu

M'chaka cha 2019, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidavomereza kuti kulowerera ndi magemu ndi matenda, ndipo mndandanda wa matenda womwe muli vutoli udayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022.

Malinga ndi bungweli, zizindikiro zake n'zitatu: munthu amalephera kudziletsa, gemu imakhala patsogolo pa china chilichonse, ndipo amapitirizabe ngakhale akuona kuti zinthu zikuwonongeka. Izi zimayenera kuoneka kwa miyezi pafupifupi 12, sukulu, ntchito kapena banja zikusokonekera.

Bungweli limanenanso kuti mwa anthu osewera magemu, odwala ndi ochepa chabe. Choncho si mwana aliyense wokonda gemu ya mpira amene ali pamavuto.

Zomwe zimachitika mu ubongo

Mu 1998, akatswiri a pachipatala cha Hammersmith ku London adajambula ubongo wa anthu omwe ankasewera gemu yoyendetsa kasinja wankhondo. Adapeza kuti posewerapo ubongo umatulutsa dopamine wambiri. Dopamine ndi mankhwala achilengedwe omwe amauza munthu kuti chomwe wachitacho n'chokoma, achitenso.

Opanga magemu amadziwa zimenezi. Mphotho siibwera nthawi zonse, imabwera modzidzimutsa, ndipo wosewera amangoti mwina ulendo winawu ndipambana. Umu ndi momwenso juga imakolera anthu. N'chifukwa chake mu 2018 dziko la Belgium lidagamula kuti timabokosi ta mwayi togulidwa ndi ndalama m'magemu ena ndi juga.

Vuto lina n'loti mbali yakutsogolo ya ubongo, kuseri kwa mphumi, yomwe imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa, imakhwima mochedwa, cha m'ma zaka 25. Mwana wa Fomu 2 ali ngati galimoto yothamanga yomwe mabuleki ake sadamangidwe bwino.

Ndine uti, uyu kapena uyo?

M'magemu ambiri wosewera amadzipangira munthu womuimira, yemwe pa Chingerezi amati avatar. Amamusankhira msinkhu, zovala ndi zida.

Mu 2007, Nick Yee ndi Jeremy Bailenson a pa yunivesite ya Stanford ku America adaonetsa kuti munthu amayamba kuchita zinthu mofanana ndi chithunzi chomuimiracho. Omwe adapatsidwa chithunzi cha munthu wamtali ankakambirana zogawana ndalama molimba mtima kuposa omwe adapatsidwa chachifupi.

Ofufuza a mumzinda wa Mannheim ku Germany nawo adapeza kuti anthu olowerera ndi magemu a pa intaneti nthawi zambiri amadziona operewera, maka pa maonekedwe a thupi ndi pocheza ndi anzawo, ndipo amadziphatika kwambiri kwa munthu wa m'gemuyo.

Apa m'pamene pagona nkhani. Mnyamata yemwe m'kalasi amasekedwa, pagemu ndi mtsogoleri woopedwa. Akazimitsa foni amabwerera ku umunthu womwe saukonda. Akamasewera kwambiri, sukulu imalowa pansi ndipo anzake amatha, kudzikayikira n'kumakula. Pothawa manyaziwo amabwereranso ku gemu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Maiko ena achitapo chiyani?

Mu 2011, South Korea idaletsa ana osakwana zaka 16 kusewera magemu a pa intaneti kuyambira 12 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Ana ambiri ankazemba pogwiritsa ntchito ziphaso za makolo, ndipo mu 2021 boma lidathetsa lamulolo. Chaka chomwecho, China idalamula kuti osakwana zaka 18 azisewera ola limodzi lokha Lachisanu, Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi chaboma. Ku London kudatsegulidwa chipatala cha vutoli mu 2019.

Udindo uli pakhomo

Phunziro la ku Korea n'loti lamulo palokha silikwanira. Kulanda foni ndi kukwapula kumangophunzitsa mwana kubisa. Gwirizanani nthawi yosewera, ndipo usiku foni isagone kuchipinda kwake. Mufunseni chomwe amachipeza m'gemumo. Ngati ndi ulemu, m'patseni pena poupezera: timu ya mpira, kwaya, kapena kumusiyira okala Loweruka n'kumuyamikira akawerengera bwino ndalama.

Mwana akamajomba kusukulu, kuba ndalama za bandulo, kusiya kusamba kapena kulusa mukamuletsa, pitani naye kuchipatala chapafupi. Zipatala monga cha matenda a maganizo ku Zomba ndi St John of God ku Mzuzu zili ndi anthu odziwa za mavuto a m'maganizo.

Paja akulu adati m'mera mpoyamba.