Chinsinsi cha M'banja mu Nthano: Chitsanzo cha Chigwa cha Shire

Nthano zina zimakopa owerenga ndi nkhawa ya mumtima mwa mpangankhani amene akubisira abale ake chinthu. Mlembi amatidziwitsa msanga kuti m'banjamo muli chinsinsi, koma amachedwa kuchiulula. Owerenga amakhala mtima uli m'mwamba pofuna kudziwa tsiku lomwe chidzaululike ndi munthu amene chidzamupweteke.

Malo

Alembi akunja amakonda kuika nthano zotere m'mudzi waung'ono wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Kuno kwathu, midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Shire ku Chikwawa ndi ku Nsanje imagwira ntchito yomweyo. Aliyense amadziwa mnzake, ndipo nkhani imayenda padoko, pamjigo ndi pamaliro. Madzi akasefukira, monga zidachitikira mu 2015 ndi pa namondwe wa Freddy mu 2023, mabanja amaunjikana m'misasa. Pamenepo wobisa chinsinsi amasowa kothawira.

Kulemera kwa chinsinsi

Chinsinsi chimagwira mtima ngati pali choti chitayike. Pakati pa Asena mwana amatsata mtundu wa atate ake, pomwe Amang'anja amatsata kuchikazi. Choncho mayi wobisa bambo weniweni wa mwana m'banja la Chisena amadziwa kuti zikaululika mwanayo atha kutaya dzina, munda ndi abale. Nkhondo ya ku Mozambique, yomwe idatha mu 1992, idabweretsa anthu ambiri othawa kwawo ku Nsanje. Mlembi atha kuzika chinsinsi m'zaka zimenezo kudzera m'kubwerera m'mbuyo kwa nkhani.

Chitsanzo cha makolo

Luso limeneli si lachilendo. Taganizirani nthano ya M'bona, yemwe kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Ofotokoza ena amati chidani chidayambira m'banja, pamene malume ake, Mlauli, adamuchitira nsanje chifukwa chogwetsa mvula. Adani atamugwira, zida zawo zidalephera kumulasa mpaka iye mwini ataulula chomwe chikadamupha. Omvera amadziwa kale kuti M'bona afa, komabe amatchera khutu podikira nthawi yoti chinsinsi chituluke. Steve Chimombo adagwiritsa ntchito nthanoyi m'sewero lake la The Rainmaker la mu 1978.

Poyankha pamayeso

Musangotchula chinsinsicho. Fotokozani amene akuchisunga, chomwe akuopa kutaya, ndi momwe manthawo akusinthira khalidwe lake, monga kusowa tulo, kupsa mtima msanga kapena kuzemba maliro. Onetsaninso zizindikiro zomwe mlembi waponya panjira nkhani isanafike pampondachimera.

Ntchito

1. Fotokozani njira ziwiri zomwe malo amakulitsira nkhawa ya mpangankhani.
2. Kodi n'chifukwa chiyani omvera nthano ya M'bona sagwa ulesi ngakhale akudziwa mathero ake?