Belo: Kudikira Mlandu Uli Kunyumba

Munthu akamangidwa pomuganizira kuti wapalamula mlandu, malamulo a dziko la Malawi salola kuti angokhala m'chitokosi mpaka tsiku limene boma lidzakonzeke kumuzenga, koma amapereka njira yoti atuluke n'kumadikira mlandu wake ali kunyumba, atalonjeza kuti adzaonekera kubwalo la milandu pa tsiku limene wauzidwa. Njira imeneyi ndiyo belo, ndipo maziko ake ali m'gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko a mu 1994, lomwe limanena kuti womangidwa ali ndi ufulu womasulidwa, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati kumumasulako kungasokoneze chilungamo. Gawo lomweli limalamulanso kuti womangidwa aperekedwe kubwalo pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera pa nthawi imene mabwalo sagwira ntchito, akaonekere pa tsiku loyamba limene bwalo litsegule. N'chifukwa chake kumangidwa Lachisanu kumawawa kuposa kumangidwa Lolemba, popeza munthu angathe kugona m'chitokosi mpaka sabata yotsatira popanda lamulo kuphwanyidwa.

Belo yoyamba imene womangidwa angapeze ndi ya kupolisi, yomwe mkulu wa apolisi pa siteshoni amapereka mlandu usanafike kubwalo, makamaka pa milandu yaing'ono monga ndewu yosavulazana kwambiri kapena kuba kwa zinthu zochepa. Woganiziridwayo amasayina chikalata cholonjeza kuti adzabwera kupolisi kapena kubwalo pa tsiku lolembedwapo, ndipo kawirikawiri pamafunika wachibale kapena mnansi wodziwika pokhala kuti amuimire. Belo imeneyi ndi yaulere. Mfundoyi apolisi eni ake akhala akuilengeza kwa zaka zambiri, komabe mabanja ambiri amafika pasiteshoni atagulitsa kale mbuzi kapena thumba la chimanga, chifukwa chikhulupiriro choti popanda kangachepe munthu satuluka chinazika mizu. Ndalama yoperekedwa m'njira imeneyi ilibe lisiti ndipo sibwezedwa. Dzina lake ndi chiphuphu, chomwe lamulo limalanga wolandira ndi wopereka yemwe. Pa milandu ikuluikulu monga kupha munthu ndi kuukira boma apolisi alibe mphamvu yopereka belo, ndipo pempho la womangidwa limakamvedwa ku Bwalo Lalikulu.

Mlandu ukafika kubwalo, kapena apolisi akakana kumasula munthu, pempho limapita kwa majisitireti, ndipo iye akakana lingathe kukwera ku Bwalo Lalikulu. Lamulo la Bail (Guidelines) Act la mu 2000 linaika poyera zimene woweruza ayenera kusinkhasinkha: ngati woganiziridwayo angathawe mlandu, ngati angaopseze mboni kapena kubisa umboni, ngati angaike pachiopsezo moyo wa wina kapena kupalamulanso, komanso, mwa apo ndi apo, ngati kutuluka kwake kungadzetse chisokonezo pakati pa anthu. Mwa zonsezi funso lalikulu ndi loyambalo, pakuti cholinga cha belo n'chakuti munthu adzapezeke pa tsiku la mlandu, osati alawiretu chilango. Woweruza akavomera amaika zoyenera kutsata, monga kukaonekera kupolisi pa masiku oikika, kupereka chiphaso choyendera kunja, kusatuluka m'boma limene munthuyo amakhala popanda chilolezo, ndi kubweretsa anthu omuimira, omwe ambiri amangowatchula kuti mboni za belo ngakhale kuti sadzapereka umboni pa mlanduwo. Anthu amenewa bwalo limawafunsa za ntchito yawo, katundu wawo ndi ubale wawo ndi woganiziridwayo, chifukwa akulonjeza kuti iye akathawa, iwowo ndi amene adzalipire ndalama imene yatchulidwa. Ndalama ya belo ya kubwalo ili pawiri: ina imangolonjezedwa papepala ndipo imalipidwa pokhapokha lonjezo likaswedwa, pamene ina imaperekedwa nthawi yomweyo ku ofesi ya bwalo, imakhala ndi lisiti la boma, ndipo imabwezedwa mlandu ukatha ngati munthuyo sanajombe. Yachiwiriyi ili ngati chikole chimene wokongola amasiya kwa mwini ndalama n'kudzachitenganso akakwaniritsa pangano, ndipo lamulo la kazengedwe ka milandu limaletsa kuti ikhale yochuluka mopyola muyeso.

Kwa zaka zingapo ulamuliro wa zipani zambiri utayamba, oganiziridwa milandu yakupha ankafunika kusonyeza zifukwa zapadera kuti apatsidwe belo, ndipo maganizo amenewa ankatsamira pa chigamulo cha mu 1995 pa mlandu wa McWilliam Lunguzi, yemwe anali mkulu wa apolisi m'dziko muno. Mu 2005 bwalo lalikulu la apilo linawongola zimenezi ponena kuti boma ndilo liyenera kusonyeza chifukwa chimene munthu asamasulidwire. Kusinthaku kunali koyenera, popeza munthu amene malamulo amamuyesa wosalakwa mpaka bwalo litamupeza wolakwa sangakhalenso wopempha ufulu wake ngati chifundo.

Vuto lenileni lili pa kusiyana kwa zolembedwa ndi zochitika. Mu 2010 lamulo la kazengedwe ka milandu linasinthidwa kuti liike malire a nthawi imene munthu angasungidwe pa rimandi, ndiko kunena m'ndende podikira kuti mlandu wake uyambe: masiku 30 pa milandu yozengedwa kwa majisitireti ndi masiku 90 pa milandu yoopsa monga kupha munthu, ndipo bwalo lingathe kuwonjezerapo masiku osapitirira 30. Ngakhale zili choncho, m'ndende za Maula, Chichiri, Zomba ndi Mzuzu mumapezeka anthu amene malirewo anawadutsa kalekale, ena chifukwa sadziwa kuti angapemphe belo okha popanda loya, ena chifukwa abale awo ali kutali ndipo palibe wodzawaimira, enanso chifukwa ndalama imene inatchulidwa, ngakhale ingaoneke yochepa kwa wolandira malipiro pamwezi, siingapezeke m'nyumba ya woyendetsa kabaza. Apa belo imasanduka ufulu wa okhupuka, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti munthu wosauka angathe kukhala pa rimandi nthawi yotalika kuposa chilango chimene akanalandira atapezeka wolakwa. Bwalo Lalikulu linagamula mu 2009 kuti kuthithikana kwa m'ndende kumaphwanya ufulu wa akaidi, ndipo oyembekezera milandu ndi gawo la kuthithikanako. Ntchito ya athandizi a zamalamulo a bungwe la Paralegal Advisory Service, imene inayamba mu 2000, ndi ya maloya a boma a Legal Aid Bureau yathandiza ambiri, makamaka kudzera m'mabwalo amene amakakhala m'ndende momwemo kuti aunike za anthu oiwalika, koma anthu ofuna thandizo amachuluka kuposa othandizawo.

Kumudzi ndi m'makwalala a m'tauni, munthu akaoneka akuyenda patangopita masiku awiri chimangidwire, mbiri imawanda yoti wagula mlandu kapena apolisi amutaya, ndipo maganizo amenewa ndi ena mwa amene amachititsa anthu kumenya kapena kuotcha oganiziridwa m'malo mowapereka kupolisi. Zikanathandiza kwambiri apolisi akanamafotokozera wodandaula ndi amfumu a deralo kuti mlandu ukadalipo ndiponso tsiku limene udzalowe m'bwalo, chifukwa wodandaula wosauzidwa kanthu amangoona ngati chilungamo chagulitsidwa. Wotuluka pa belo naye akadali womangika ndi lonjezo lake: akadwala kapena kugwa m'zovuta pa tsiku la mlandu ayenera kutumiza womuimira kukadziwitsa bwalo, atanyamula chikalata cha kuchipatala ngati chilipo, pakuti akangojomba woweruza amatulutsa chikalata chomumangira, belo ingathe kuthetsedwa, ndalama imene anapereka imapita kuboma, ndipo amene anamuimira amaitanidwa kuti afotokoze chifukwa chimene asalipire ndalama imene analonjeza.