Momwe mnyamata wa zaka 20 adagonjetsera mkhalakale pa mpikisano wa njinga zamoto

Dedza, Mana: Kwa anthu ambiri m'boma lino, njinga yamoto ndi chida chopezera ndalama. Achinyamata a kabaza amakwera ndi kutsika zitunda za ku Bembeke, Mayani ndi Lobi atanyamula anthu kapena matumba a kachewere, ndipo nyengo ya dzinja ikafika amalimbana ndi matope ndi zigwembe tsiku ndi tsiku.

M'dziko la America, msewu woipa ngati umenewu amachita kuumba dala m'kati mwa bwalo la zamasewero kuti akatswiri apikisanepo. Masewerowa amatchedwa Supercross, ndipo adayamba m'chaka cha 1972 pa bwalo la Los Angeles Coliseum. M'chaka cha 2024 adakopa chidwi cha anthu ochuluka pomwe Jett Lawrence wa ku Australia, yemwe adali ndi zaka 20, adalimbana ndi Cooper Webb wa zaka 28, amene adatengapo kale ukatswiriwu mu 2019 ndi 2021.

Kuti timvetse kukula kwa nkhaniyi, tiyerekeze kuti magalimoto mazanamazana atuta dothi nkulithira pa kapinga wa bwalo ngati la Dedza Stadium, kenako makina nkuumba zitunda, makona akuthwa ndi timizere tothithikana tonga ta m'munda, tomwe amati ma whoops. Pa zitunda zina njinga imauluka mtunda wa mamita pafupifupi 20 isanatere. Mu ndime yomaliza ya usiku uliwonse mumalowa anthu 22, omwe amathamanga kwa mphindi 20 nkuonjezerapo kuzungulira kumodzi.

Njinga za m'gulu lalikulu zimakhala ndi injini ya 450cc, pomwe za kabaza zambiri sizipitirira 150cc. Mpikisanowu umachitika maulendo 17 m'mizinda yosiyanasiyana kuyambira Januwale mpaka Meyi, ndipo katswiri amakhala yemwe watolera mapointi ambiri pamapeto. Mu 2024 wopambana usiku umodzi amapeza mapointi 25 ndipo wachiwiri 22.

Apa ndi pomwe akhalakale amaposera anzawo. Wongoyamba kumene atha kukhala ndi liwiro loposa aliyense, koma kugwa kawiri kapena katatu kumamutayitsa mapointi ovuta kubweza. Dothi nalo limasintha pomwe mpikisano ukupitirira: matayala amakumba ngalande m'makona, ndipo njira yomwe idali yabwino poyamba imasanduka msampha. Kudziwa nthawi yosintha njira, komanso nthawi yovomereza kukhala wachitatu m'malo modzivulaza, munthu amaphunzira pakadutsa zaka. Nchifukwa chake Lawrence asanabwere, anthu awiri okha ndiwo adatengapo ukatswiri m'chaka chawo choyamba m'gululi: Jeremy McGrath mu 1993, yemwe adalanda ulemuwu kwa Jeff Stanton, mnzake wa mu timu ya Honda, ndi Ryan Dungey mu 2010.

Lawrence, pa njinga ya Honda, adapambana mpikisano wake woyamba weniweni mu mzinda wa Anaheim pa 6 Januwale 2024. Koma sabata yotsatira ku San Francisco kudagwa mvula yambiri, bwalo lidasanduka chithaphwi, ndipo iye adamaliza pa nambala 9. Ku San Diego adapsa mtima nkugwira chipewa cha Jason Anderson mpikisano utatha, zomwe zidachititsa kuti alipitsidwe chindapusa. Ku Arlington adagwa ali patsogolo, ndipo Webb adapezerapo mwayi nkupambana.

Webb, pa njinga ya Yamaha, sadziwika kwambiri ndi liwiro koma ndi kudekha. Amakakamira pambuyo pa mnzake mpaka mphindi zomaliza, kudikira kuti alakwitse. Paja galu wamkota sakandira pachabe: atapambana ku Foxborough pa mpikisano wa nambala 13, awiriwa adafanana mapointi kutangotsala maulendo anayi.

Ambiri amayembekezera kuti mnyamatayo agwa mphwayi kaamba ka mantha. M'malo mwake adapambana katatu motsatizana, ku Nashville, Philadelphia ndi Denver, pomwe Webb amavutika ndi chala chachikulu cha dzanja chomwe adavulala. Chomwe chikuonetsa kukhwima kwake, pakuona kwathu, ndi zomwe adachita pa mpikisano womaliza ku Salt Lake City pa 11 Meyi. Sadalimbane ndi aliyense. Adayendetsa mosamala, nkumaliza pa nambala 7, podziwa kuti mapointi ake akwana. Adatenga ukatswiri ndi mapointi 351 pomwe Webb adapeza 336. Chaka chonsecho Lawrence adapambana maulendo 8, Webb maulendo 4.

Mawu oti wongoyamba kumene asatisocheretse. Banja la Lawrence lidagulitsa katundu wake ku Queensland nkusamukira ku Ulaya, kenako ku America, kuti iye ndi mkulu wake Hunter akule m'masewerowa. Asanakwere gulu lalikulu adakhala katswiri wa gulu la 250cc m'mabwalo mu 2022 ndi 2023. Mu 2023 momwemo adapambana ndime zonse 22 za mpikisano wa kunja kwa mabwalo, wotchedwa Pro Motocross, pa njinga ya 450cc. Ubwana wake udali wa zaka chabe.

Masewerowa ndi oopsa ngakhale kwa akatswiri ovala chipewa cholimba, nsapato zofika m'mawondo ndi zoteteza chifuwa, pamene madotolo ali chire pambali pa bwalo. Eli Tomac, katswiri wa 2020 ndi 2022, adaduka mtsempha wa chidendene ku Denver mu Meyi 2023 ali patsogolo pa mapointi, ndipo ukatswiri udapita kwa Chase Sexton.

Lawrence naye zidamuonekera. Mu Febuluwale 2025 adaduka mtsempha wa bondo ku Glendale ndipo sadapitirize mpikisano wa m'mabwalo wa chakacho. Webb adatenga ukatswiri wake wachitatu, ataposa Sexton ndi mapointi awiri okha.