BP ndi shuga: tiyezetse tisanagwe



Pa janaza zambiri zimene taswalitsa zaka zino, mawu timamva ndi amodzimodzi: "Dzulo lomweli anali bwinobwino, amasoka matchera." Bambo wa zaka 50 wagwa pa thandala la usipa, mkono ndi mwendo zafa mbali imodzi, pakamwa papotoka. Mayi wagwa m'munda wa mpunga. Achibale n'kuyamba kulozana zala kuti wina wam'lodza chifukwa boti lake limapha kwambiri. Chonsecho nthawi zambiri wam'gwetsa ndi BP kapena shuga, matenda amene wayenda nawo zaka osadziwa.

Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO anayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno. Munthu mmodzi mwa atatu aliwonse anapezeka ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Shuga anapezeka mwa anthu pafupifupi 6 pa 100 aliwonse. Ndiye mukaona mzere wa anthu 30 pa swala ya Jumu'ah, werengani nokha.

Kodi BP n'chiyani? Mtima umapopa magazi m'mitsempha monga pampu ikankhira madzi m'paipi ya kudimba. Mitsempha ikauma kapena kuchepa njira, magazi amadutsa mokakamiza. Pakapita zaka, mtsempha wina umatsekeka kapena kuphulika. Zikachitikira mu ubongo, ndiye sitiroko ija. Mtima, impso ndi maso nazonso zimaonongeka pang'onopang'ono. Makina akuchipatala amapereka manambala awiri. Munthu wabwinobwino amakhala cha pa 120/80. Ikamafika 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyanasiyana, BP yakwera. Vuto lake n'loti siipweteka. Munthu amatha kukoka chilimila usiku wonse ali nayo.

Ukalamba ndi kumtundu zimatengako mbali, izo sitingasinthe. Koma mchere uli m'manja mwathu. A WHO amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, omwe ndi kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera zakudya zonse. Ife timathira mchere mumphika, tikakhala pansi tithirenso wina m'mbale tisanalawe n'komwe. Soda wa m'therere naye amatha kukweza BP. Fodya amene alovi amasuta usiku kuti athamangitse tulo ndi mphepo amaumitsa mitsempha. Amayi ophika, chepetsani mchere pang'onopang'ono, pakamwa pamazolowera pakangotha masabata ochepa.

Shuga ndi pamene thupi likulephera kugwiritsa ntchito bwino chakudya chimene chalowa m'magazi. Nsima, mpunga ndi chinangwa zonse zimasanduka shuga m'thupi, osati tiyi yekha ayi. Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kuonda ukudya bwino, kutopa, kuona mwachimbuuzi, dzanzi kumapazi ndi chilonda chosapola. Kwa ife oyenda opanda nsapato pamchenga, zakumapazizi n'zoopsa. Mbedza kapena munga wa kampango ukubaya, iwe osamva, chilonda n'kulowa mkati mpaka mwendo kudulidwa. Tili ndi mwayi woti timapanga udhu tsiku ndi tsiku. Posambitsa mapazi, yang'anani pansi ndi pakati pa zala, pukutani bwino, ndipo mukaona kachilonda musadikire.

Tinenenso za mkodzo, poti azibambo timachita nazo manyazi. Si kukodza pafupipafupi konse kumene kuli shuga. Abambo opitirira zaka 50 ambiri amatupa prostate, kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo, ndiye mkodzo umatuluka modontha. Magazi mumkodzo kuno kunyanja nthawi zambiri ndi likodzo, ndipo mankhwala ake a praziquantel alipo. Likodzo lokhalitsa limaononga chikhodzodzo ndi impso. Zonsezi amazisiyanitsa ndi achipatala, si mnzanu wapadoko.

Tsopano za Ramadhan, zimene anthu amatifunsa kwambiri. Mu Surat Al-Baqarah, aya 184 ndi 185, Allah anam'patsa wodwala chilolezo chosiya kusala n'kudzabweza masiku ena. Amene matenda ake ndi okhalitsa ndipo sangathe kubweza, amapereka fidya, kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse. Palibe chamanyazi apa. Ngati muli ndi shuga kapena BP ndipo mukufuna kusala, pitani kuchipatala mwezi wa Sha'ban, akuuzeni ngati mungathe ndi nthawi yomwera mankhwala, pa daku kapena pa futali. Musasinthe nokha. Jakisoni wa insulini ndi mapiritsi ena, monga glibenclamide, amatha kutsitsa shuga kwambiri m'mimba mukakhala mulibe kanthu. Mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, chizungulire kapena kusokonezeka mutu, masulani pomwepo ndi madzi a shuga, ngakhale Maghrib atatsala pang'ono. Kuboola chala poyeza shuga sikumasula swaumu. Pa futali yambani ndi madzi, mandasi ndi Sobo zichepe, ndipo daku musalumphe. Amene maondo kapena chizungulire zikum'vuta, aswali atakhala pansi, swala yake ndi yokwanira.

Wina akagwa sitiroko, yang'anani zitatu: nkhope yapotoka mbali imodzi, mkono ukulephera kukwera, mawu sakutuluka bwino. Musam'mwetse madzi kapena phala, akhoza kutsamwa. Musatayenso nthawi ndi kutema mphini. M'gonekeni cham'mbali, pezani galimoto, thamangani naye ku chipatala chachikulu cha Salima. Dua muchitire m'njira. Ikakula, iwo amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Kuyezetsa BP kumatenga mphindi zochepa ndipo m'zipatala za boma n'kwaulere, kaya ku Maganga, Lifuwu, Chipoka kapena Khombedza. Aliyense wopitirira zaka 40 ayezetse kamodzi pachaka ngakhale sakumva kupweteka. Akakupatsani mankhwala, dziwani kuti sachotseratu matendawa, amangowagwira. Ambiri amene tawaika m'manda anasiya kumwa atayamba kupeza bwino. Inu opita ku Mbenji kukakhala miyezi, konzani za mankhwala okwanira musanakwere boti, monga mukonzera mafuta a injini.

Thupi ndi amana imene Allah anatisungitsa, ndipo adzatifunsa za iyo. Lachisanu likubwerali, mukatuluka mumzikiti, afunseni bambo amene munaima nawo pamzere kuti anayezetsa liti. Ngati sanayezetsepo, pitani nawo limodzi Lolemba, Insha Allah.