Ndakatulo imayenda bwanji?

Ndakatulo ili ngati nyimbo yopanda ng'oma. Mawu ake ndi ocepa, koma amakoma m'khutu. Nayi ndakatulo yaifupi:

Amayi ali kulima,
Agogo aphika nsima,
Nkhuku ikutolatola,
Mbuzi ikufuna khola.

Ndakatulo iyi ili ndi mizere inayi. Mizere inayi pamodzi ikupanga ndime imodzi. Mizere iwiri yoyamba ikunena za anthu. Mizere iwiri yomaliza ikunena za ziweto. Mzere uliwonse uli ndi mwini wake ndi nchito yake.

Mawu ali ndi tizidutswa. Dzina la tizidutswa timeneti ndi maphatikizo. Mwana akamanena mzere pang'onopang'ono, amaomba m'manja kamodzi pa phatikizo lililonse:

A-ma-yi a-li ku-li-ma.

Manja alira ka 8. Mzere waciwiri, manja alira ka 8. Wacitatu ndi wacinayi, cimodzimodzi. Mizere yonse ndi yofanana kutalika. N'cifukwa cake ndakatulo ikuyenda bwino, ngati anthu awiri osinja mumtondo umodzi.

Munthu wina akanena kuti "Agogo aphika nsima yambiri," manja alira ka 11. Mzerewo watalika. Musi umodzi wacedwa, ndipo khutu lamva.

Kumapeto kwa mizere kulinso cinsinsi. Kulima ndi nsima akutha mofanana: ima, ima. Tolatola ndi khola akuthanso mofanana: ola, ola. Mizere ikuyenda iwiriiwiri, ngati mapasa.

Mawu a Cinyanja amatha ndi a, e, i, o kapena u. Motero a wa kumapeto yekha sakwanira. Nsima ndi khola onse akutha ndi a, koma si mapasa. Kumapeto kwa mzere, liwu limakoka pa phatikizo lotsamira lomaliza: nsiima, khoola. Apo ndi pamene khutu limachera. Agogo akaphika phala m'malo mwa nsima, manja alirabe ka 8, koma kulima atsala yekha wopanda mnzake.

Mwana amene amamva maphatikizo ndi khutu savutika kuwapeza pa pepala. Ku-li-ma wa m'manja ndi yemweyo ku-li-ma wa m'buku.

Madzulo, mwana angathe kunena ndakatuloyi kwa makolo ake. Iye anena, iwo aomba m'manja. Kenaka onse afunefune mawu ena othera ndi ima. Alipo mtima. Alipo mdima. Enawo agogo akuwadziwa.